Ntchafu ya Wotsala Pantchito

1. Fungo la Okutobala

Ku Chilenje anthu amaudziwa mwezi wa Okutobala ndi kutentha, koma kunyumba kwa a Chisenga ankaudziwa ndi fungo. Linkayamba fungo la mafuta opukutira mfuti ndi la tenti yakale imene yagona chaka chathunthu pamwamba pa kabati. Pakapita sabata linkabwera fungo lenileni, la nyama yowamba, lolowerera mpaka mu yunifolomu ya sukulu. Mwana wawo wamkazi Lubuto akalowa m'kalasi anzake ankakweza mphuno n'kunena kuti, "Ba Chisenga babwelako kusanga."

Bambo ake a Lubuto anali okonza mapampu a madzi. Chaka chonse ankagwira sipanala, koma masiku asanu okha a Okutobala ankagwira mfuti. Ankatenga chilolezo cha boma, n'kukwera galimoto ya mlamu wawo Ba Oswell pamodzi ndi anzawo awiri, ulendo wa kutchire lololedwa kusaka, kupitirira Serenje.

Lubuto ali wamng'ono ankakhalira tenti ija kuti asainyamule. Bambo ake ankamunyamula ndi tenti yomwe, n'kumutsitsa pageti akuseka.

"Siliza sukulu poyamba," ankatero. "Ukasiliza giledi 12, nizakutenga. Nizakuonesa mwamene nswala imvelela mphepo."

Lubuto anamaliza sukulu mu Disembala. Bambo ake anali atamwalira mu Ogasiti. Kuyambira pamenepo Okutobala ankabwera ndi kutentha kokha, ndipo mtsikanayo ankawasowa kwambiri bambo ake mwezi umenewo kuposa miyezi ina yonse.

Patapita zaka ziwiri, Lamlungu lina atatuluka ku tchalitchi, kunyumba kunabwera Ba Oswell. Iwowa anali mlongo wa mayi ake a Lubuto, ndipo iye ankawatcha ba yama monga mwa Chibemba cha kwawo. Anali makaniko wa mabasi, munthu wa zala zakuda ndi mafuta ngakhale pa Khirisimasi. Chaka chimenecho ankapuma pantchito. Mu Disembala ankasamukira ku Samfya, ndipo galimoto yawo yakale ija inali itapeza kale woigula.

"Mwaiche," anatero atamwa madzi, pakuti ndi mmene ankamutchulira mwana wa mlongo wawoyo, "malo ya ba tata bako yalipo mu motoka. Tinyamuka pa Chinayi kuseni, tibwela pa Chibili. Uyu ndiye ulendo wosiliza, sikuzankhala wina. Kambisana na ba kunchito."

Lubuto anavomera ba yama ake asanamalize n'komwe kulankhula. Za kuntchitozo anazimva ndi khutu limodzi.

2. Maliro a munthu wamoyo

Ntchito ya Lubuto inali pa bekari ya Ba Christine Besa, pafupi ndi msika wa Kabwata, m'mbali mwa msewu wochokera ku Chilenje. Anali atagwirapo miyezi iwiri mwa miyezi itatu yomuyesa. Lamulo la pamalopo ankalidziwa bwino: woyesedwa sapatsidwa tchuthi, pokhapokha kukhale matenda kapena maliro. Komanso sabata imeneyo inali ya chikondwerero cha ufulu wa dziko, pamene masukulu, matchalitchi ndi maofesi onse amafuna mabanzi ndi makeke tsiku limodzi.

Lolemba Lubuto anakonza mawu ake m'minibasi, koma atafika anapeza Ba Christine akukalipira uvuni wokana kutentha. Anameza mawu aja. Lachiwiri anawakonzanso, koma anaganiza za mmene anzake akasekere. Mtsikana amene amathawa mphemvu kuseri kwa matumba a ufa, lero ati akasake nyama? Anawamezanso.

Lachitatu m'mawa nthawi inamuthera. Anaima pakhomo la kachipinda ka Ba Christine, manja ali mbuu ndi ufa, ndipo pakamwa pake panatuluka zimene sanakonze m'minibasi.

"Ba Christine, kunyumba kuli malilo. Ba mbuya bamwalila ku Serenje. Tinyamuka mailo kuseni."

Nthawi imeneyo agogo akewo anali bwinobwino ku Serenje, mwina akuthamangitsa mbuzi m'munda mwawo wa chinangwa, osadziwa kuti ku Lusaka amwalira.

Ba Christine anasiya zimene ankachita. Anali mayi wa mawu aukali ndi mtima wofewa, ndipo anamugwira Lubuto paphewa.

"Pepa mwana wanga. Uyende. Koma pa Chiwelu nizachita bwanji ine? Bethany naye palibe siku ija."

Bethany anali pambuyo pawo akudzoza mafuta m'mathireyi. Mtsikana wa ku Chelstone ameneyu ndi amene anamuphunzitsa Lubuto kuumba mabanzi ofanana, ndipo nthawi zambiri ankamubisira opsa kuti bwana asawaone. Loweruka limenelo anali atalipempha kalekale. Kwawo kunali chilanga mulilo cha mkulu wake, mwambo umene akuchikazi amasenza zakudya zamitundumitundu kupita nazo kwa mkamwini, akuimba ndi kuvina. Mwezi wathunthu Bethany anakhala akuimba nyimbo za mwambowo pokanda ufa, mpaka onse pa bekari anaziloweza. Beseni loyamba pamzere ankayenera kusenza iyeyo.

Bethany anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Malilo ni malilo," anatero. "Nizasebenza pa Chiwelu. Beseni bazapasa wina."

"Awe, Bethany, osachita so," anatero Lubuto, ndipo apa yekha ananena zochokera mumtima.

"Iwe, ba mbuya ni bamozi. Yenda ukabaike."

Masana Bethany anatulutsa chitenje chake chakuda m'chikwama n'kumupatsa kuti akavale kumaliro. Lubuto anachilandira ndi manja awiri. Chinali chitenje chopepuka, koma njira yonse yobwerera ku Chilenje chinkamulemera.

3. Funso la Ba Gilson

Dzuwa litapendeka, pabwalo la Ba Oswell panali piringupiringu. Galimoto inali itatsegulidwa zitseko zonse. Pansi panali zigubu za madzi, thumba la mchere, mipeni, waya woyanikira nyama ndi tenti ija, imene mayi ake a Lubuto anaitsitsa pakabati. Fungo lake litamufika m'mphuno, Lubuto anaiwala chitenje ndi bekari yomwe.

Alenje ena awiri anali atafika kale. Ba Gilson, bambo wamtali wa magalasi, ankayang'ananso mapepala a chilolezo kachitatu: nswala ziwiri ndi mbawala imodzi, osapitirira apo. Ba Jethro, wamfupi ndi wanthabwala, ankalongedza mankhwala a zilonda m'kabokosi.

"Shani, mulenje wa mabanzi?" anatero Ba Jethro. "Nswala sibaikanda, wamvela?"

Onse anaseka, Lubuto nayenso anaseka. Anamupatsa ntchito yopinda zingwe, ndipo anaigwira mosangalala ngati mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Kenaka Ba Gilson anavula magalasi n'kumuyang'ana.

"Nanga wosala wako ni ndani?"

"Wosala?"

"Wamene azanyamula nchito yako iwe uli kusanga. Wanga ni mai wina wa mu ofesi mwathu. Ba Jethro bali na wabo ku kiliniki. Wako?"

"Bethany," anayankha Lubuto motsitsa mawu.

"Basi, nchafu imozi ni ya Bethany."

Ataona kuti mtsikanayo sakumvetsa, Ba Jethro anamufotokozera. Gulu lawoli linali ndi mwambo wake kuyambira ulendo woyamba. Nyama isanagawidwe kwa aliyense, ngakhale kwa akazi awo, ntchafu yakumbuyo inkapatulidwa kuti ipite kwa munthu amene watsala akugwira ntchito ya mlenje. Ndipo asananyamuke, mlenje ankapita kukamuona munthuyo maso ndi maso n'kumuthokoza.

Apo m'pamene Lubuto anakumbukira Ba Salifyanji. Chaka chilichonse nyama ikafika, pageti pankabwera bambo wina woonda wa njinga, wovala ovolosi ya buluu ngati ya bambo ake. Ankachoka ndi ntchafu yathunthu yokulungidwa m'saka. Lubuto ankadana naye munthu ameneyu. Ankaima kuseri kwa chitseko n'kumadandaula kuti nyama yabwino yonse ikupita ndi munthu amene sanapite n'kutchire komwe. Zaka zonsezi sanadziwe chifukwa chake.

Ba Oswell anatuluka kunsi kwa galimoto akudzipukuta.

"Mailo tizaima pa bekali," anatero. "Nifuna nibaonge ba Christine na uyo Bethany. Sabata ya ufulu kumasula munthu, si chinthu ching'ono. Tikachoka apo ni Serenje. Ba mbuya bako nabatumila kale foni, bati nkhuku bagwila kale, bafuna kuona muzukulu wabo."

Chingwe chinagwa m'manja mwa Lubuto.

"Ba yama, pa bekali osaimapo."

"Chifukwa?"

Lubuto anayang'ana pansi. Akanatha kuwonjezera bodza lina pamwamba pa loyambalo, ndipo linali litafika kale pa lilime. Koma pamaso pa tenti ya bambo ake linakana kutuluka.

"Nabauza ati niyenda ku malilo."

"Malilo ya ndani?"

"Ya ba mbuya."

Ba Jethro anatseka kabokosi kawo. Ba Gilson anakumbukira mwadzidzidzi kuti matayala sanawaone, ndipo awiriwo anapita kuseri kwa galimoto.

4. Mawu a ba yama

Ba Oswell sanakalipe. Anakhala pachigubu cha madzi n'kumulozera Lubuto china. Anayang'ana zala zawo nthawi yaitali.

"Wapaya ba mayo banga kuti uone nswala," anatero.

Lubuto anayamba kulira.

"Lila, koma makutu yankhale yoseguka. Ba tata bako kulibe, manje nizakamba ine.

"Iwe unakula uona nyama ibwela pa nyumba, ndiye uganiza ati mulenje ni munthu wa mfuti. Yang'ana ba Gilson. Ni ba kalaliki ku Longacres. Zaka makumi yabili balemba makalata, ndipo masiku yabo ya livu bamayasunga monga mbeu. Banzabo bakayenda ku Khisimasi, beve basebenza. Ba Jethro ni ba nasi ku kiliniki. Kuti bankhale pano lelo, basebenzela munzabo masondo yatatu. Ine nagona pansi pa mabasi kuyambila iwe ukalibe kubadwa. Pano palibe wamene adya mfuti, mwaiche. Bana bathu banakula na sipanala, na bolopeni, na nyeleti ya jekiseni. Kusanga tiyendako monga balendo, masiku yasanu, na chilolezo cha boma mu thumba. Koma chilolezo cha boma sichikwana. Pafunika na cha munthu wamene wasala na katundu wako. Wamene apaya nyama alibe pepa ya boma timuitana kawalala. Nanga wamene atenga masiku ya munzake na boza, tizamuitana ndani?"

Ba Oswell anapitiriza.

"Ukumbuka chaka chamene unali giledi 5? Chaka chija tinapeza laisensi ya njati. Ba tata bako banaiyembekeza njati ija zaka naini. Benze kuikamba pa chakudya, pa chechi, paliponse, mpaka ba mayo bako banabalesa. Kuseni kwa ulendo, katundu ili kale mu motoka, tinaima ku mapampu kuti tibaonge ba Salifyanji. Tinapeza maso yabo yali yofiila. Mwana wabo enze mu chipatala. Beve banati, 'Yendani chabe ba Chisenga, nizakwanisa.' Ba tata bako banaseluka mu motoka, bavula nsapato za kusanga, bavala ovolosi. Ine nenze okalipa maningi. Banati kuli ine, 'Mulamu, nikayenda, uyu munthu azasankha pakati pa mwana wake na manzi ya komboni yonse. Nchafu yamene nizamubwelesela azaimeza bwanji?' Njati tinaipaya ise. Laisensi ya njati sinabwelenso."

Lubuto anachikumbuka chaka chimenecho. Bambo ake anabwera kunyumba madzulo a tsiku lomwelo, nsapato za kutchire zili m'manja. Iye anasangalala kwambiri kuti sanapite, mpaka anavina pakhonde. Iwo anangomusisita mutu n'kupempha tiyi. Lero ndi pamene anadziwa chimene anasiya tsiku limenelo, ndipo chisoni chinamugwira koposa.

"Sembe unakamba zoona," anatero Ba Oswell, "kapena ba Christine sembe banakana. Ehe, kukana kulipo. Ine banikanilapo kabili. Unkhala, mutima ubaba, koma uyenda ku nchito na nkhope yako. Manje iwe wafuna vonse, ulendo na nchito, ndipo wamene alipila ni Bethany. Bakulu banati mapanga awiri avumbwitsa."

Anaimirira n'kutola chingwe chija.

"Sinizakukaniza. Lonjezo ni ya ba tata bako, si yanga, ndipo ulendo wina kulibe. Pa bekali sinizaima, na ba mayo bako sinizabauza. Motoka inyamuka seveni koloko. Ukabwela, uzakwela. Koma uzibe vibili. Mailo uzagwada pamaso pa ba mbuya bako, ubapase moni, udye nkhuku yabo. Ndipo tikabwela, nchafu uzainyamula weka kuli Bethany, umuuze malilo yamene yachokako."

Atatero anabwerera kunsi kwa galimoto.

5. Lachinayi

M'mawa kutacha Lubuto anali ndi zinthu ziwiri pabedi. Kumanja kunali chikwama cha ulendo, chimene anachilongedza Lamlungu lomwe lija. Kumanzere kunali epuloni yake yoyera ndi chitenje cha Bethany. Mayi ake ankasesa panja akuimba, akuganiza kuti mwana wawo akupita kutchire ndi chilolezo cha kuntchito.

Anakhala pabedipo mpaka tambala wa oyandikana nawo atatopa kulira. Kenaka anakankhira chikwama kunsi kwa bedi n'kupinda epuloni.

Anadzera kwa Ba Oswell. Anawapeza pamwamba pa galimoto akumanga zigubu.

"Ba yama, muyende bwino. Mukabapase moni ba mbuya."

Ba Oswell anayang'ana epuloni ija, n'kuyang'ana mtsikanayo. Anagwedeza mutu kamodzi n'kupitiriza kukoka chingwe. Ba Jethro, amene nthabwala sizinkawathera, tsiku limenelo analibe ndi imodzi yomwe.

Pa bekari mabanzi oyamba anali atatuluka kale. Bethany atamuona anatsala pang'ono kugwetsa thireyi.

"Iwe, motoka yakusiya?"

Lubuto anamupatsa chitenje chija ndi manja awiri, monga anachilandirira. Ba Christine anatuluka m'kachipinda kawo. Anyamata awiri a ku uvuni nawo anasiya ntchito, pakuti nkhani ikamanunkha palibe amene amamva kutentha.

"Kulibe malilo," anatero Lubuto. Mawu ake anamveka mpaka kukhomo. "Ba mbuya bali moyo. Nenze kufuna kuyenda kusanga na ba yama, kukasaka nyama. Ba tata bananilonjeza bakalibe kumwalila, ndipo uyu ndiye ulendo wosiliza. Nenze kuyopa ati muzakana. Nanama, ba Christine. Bethany, nakunamiza."

Palibe anaseka. Kuseka kumene ankakuopa masiku atatu aja sikunabwere, ndipo chete amene anabwera m'malo mwake anali wowawa kuposa kuseka.

"Sembe unanifunsa," anatero Ba Christine. "Sinizi ngati sembe ninavomela. Koma sembe unanifunsa." Anatembenukira kwa Bethany. "Chiwelu ni chako futi, mwana wanga."

Bethany anapinda chitenje chake kanayi, mosamala kwambiri.

"Nabauza kale ba mami mailo," anatero osamuyang'ana Lubuto. "Balila pa foni. Beseni bapasa mwana wa ba anti. Nizayenda, koma nizankhala kumbuyo kwa muzele." Anatenga thireyi yake n'kulowa mkati.

Lubuto anafuna kumutsatira, koma Ba Christine anamuimitsa ndi dzanja.

"Musiye. Pepani siipolesa chilonda siku imozi. Vala epuloni, mabanzi ya masukulu yatatu yakuyembekeza. Sabata ino uzasebenza, chifukwa nilibe manja yena. Vinangu tizakamba."

Lubuto anavala epuloni n'kuima pathebulo lokandira, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu. Bethany anasamutsa mathireyi ake kupita ku thebulo lakutali.

Itangopitirira seveni koloko, pamsewu panamveka injini yokalamba imene Lubuto akanaizindikira ngakhale pakati pa minibasi zana. Galimoto inadutsa pang'onopang'ono, zigubu zili pamwamba, tenti itamangidwa kumbuyo. Sinaime. Inangoliza hutala kawiri, mwachidule, n'kulowa pakati pa magalimoto opita m'tauni.

Lubuto sanathe ngakhale kukweza dzanja, chifukwa manja onse awiri anali mu ufa wokandakanda. Anaiyang'ana mpaka inabisika. Misozi anaipukutira paphewa n'kupitiriza kukanda.

"Lubuto."

Ba Christine anali ataima pambuyo pake.

"Miyezi yako yoyesa ikalibe kusila, ndipo ine sinisunga munthu wamene sinimuziba. Pa Mande ubwele na ba mayo bako. Nifuna ukambe pamaso pabo vamene unaniuza mailo, liu na liu."

Manja a Lubuto anaima mu ufa muja. Agogo amene anawaika m'manda Lachitatu lija anali mayi wobereka mayi ake, ndipo mayi akewo anali asanamve kanthu.